Thonje pa Khosi la Mwana Wanga

Mkazi wanga anafera pa msewu wa ku Maniamba, galimoto yomwe anakwera itaponda bomba lokwirira. Tinamuika kwawo ku Msumba. Pa tsiku lometa maliro lezala linali limodzi, chifukwa nthawi ya nkhondo malezala sankapezeka. Lomwelo linadutsa pamutu pa tonse: ine, apongozi anga aakazi, alamu anga, ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi.

Patapita masabata angapo, mwanayo anatuluka banga lozungulira, lotuwa, kuchokera kuseri kwa khutu kutsikira m'khosi. Ndinaliona m'mawa ndikupita ku positu, kachipatala kathu kakang'ono, kumene ndinkagwira ntchito ya unamwino chibwerere ku maphunziro ku Lichinga. Masana ndinamupeza akudya yekha kuseri kwa nyumba, m'mbale yakeyake, apongozi atawathamangitsa anzake.

Apongozi anali pakhonde, atandifulatira pang'ono monga mwa ulemu wathu.

"Bambo a mwana, ili ndi khate," anatero. "Amalume anga linawayamba chonchi. Mawa ndipita naye ku Maniamba, kuli sing'anga amene amalidziwa."

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Akanamutenga, ine ndinalibe mphamvu yowaletsa. Ndipo msewu wa ku Maniamba ndi umodzi womwewo.

"Amayi, ndiloleni ndimuyese kaye, inu mukuona," ndinatero. "Khate limapha khungu, banga lake silimva kanthu. Akapanda kumva, mankhwala ake ndi mapiritsi, ndipo ndizimupatsa ndekha konkuno."

"Nanga akamva?"

"Ndiye kuti ndi chipere. Chabwera ndi lezala lija."

"Lezala la maliro silidwalitsa munthu. Izo sanakuphunzitseni ku Lichinga?"

Ndinatulutsa thonje m'thumba, n'kulipota nsonga. Ndinauza mwanayo kuti atsinzine, ndipo akamva chomukhudza aloze ndi chala. Ndinayamba padzanja, analoza. Patsaya, analoza. Kenako pakati penipeni pa bangalo.

Anapinda khosi n'kuseka. "Ababa, mukundigirigisha."

Kasekedwe kakeko kanali ka mayi ake. Ndinayang'ana thonje.

"Wasuzumira ameneyu," anatero apongozi.

Ndinaika thonjelo pamphasa kuti apongozi alitenge. Anamumanga m'maso ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kumukhudza okha, mobwerezabwereza, nthawi zina kumunamiza osamukhudza. Chala sichinalakwe. Ndinawaonetsa m'mphepete mwa banga, momwe munali totupa ting'onoting'ono ndi mamba, ndi tsitsi lothothoka. Ndinawauza kuti pomada, mankhwala opaka a chipere, ku positu yatha, koma pali msodzi wa ku Cobue amene amaolokera ku Likoma, ndipo ndimutuma akagule kumeneko. Pakadali pano mbale aibweze, chipeso chokha ndi nsalu zopukutira ndizo asabwerekane.

Apongozi anadzuka, natenga mbale ya mwana n'kukaiika pamodzi ndi zina.

Atabwerera anakhala pansi chifulatire, namasula duku lomwe sanalivule chimetereni. Kunkhongo kwawo kunali banga lalikulu kuposa la mwana.

"Yesaninso ili," anatero, mawu ali pansi.

Mkamwini sakhudza apongozi ake. Ndinapatsa mwana thonjelo, n'kumulozera poti akhudze. Agogo ake anatsinzina, ndipo chala chawo chinapita pomwepo.

Pomada inabwera m'kachitini kamodzi, ndipo inawakwanira onse awiri. Za ulendo wa ku Maniamba sanazitchulenso.