Ampulifaya ya akulu a mpingo

Ntchito ya ku Lusaka itatha ndinabwerera kwathu ku Mlolo, kumene luso langa linalibe wolifuna. Kutauni ndinkaika mawailesi ndi masipika m'magalimoto, koma kuno anthu amayenda pa njinga ndi pa ngolo. Mayi anali atamwalira, mlongo wanga anakwatiwa ku Chipata, ndiye ndinkakhala ndekha m'nyumba ya malemuwo n'kumalima mtedza. Anzanga amene ndinakula nawo ankandipatsa moni bwinobwino, koma tikafunsana za mvula nkhani inkathera pomwepo.

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa litangopendeka, pabwalo panaima galimoto yakale ya bokosi kumbuyo. Munatsika akulu a mpingo a m'mudzi woyandikana nafe, bambo a imvi oyenda motsimphina. Galimoto yawoyo ndiyo inkanyamula odwala, maliro ndi amayi a chigwirizano m'dera lonselo. Mwana wawo anawaikira ampulifaya, chipangizo chokweza mawu a wailesi, pansi pa mpando ndi masipika awiri kumbuyo. Tsopano sipika ya kumanzere inali itangoti zii, ndipo amayi okhala mbali imeneyo ankadandaula kuti amatsalira poimba. Loweruka kunali msonkhano wa makwaya ku boma.

Ndinawaikira mpando pansi pa mango, koma anati akufuna aziona zimene ndikuchita. Ndinatulutsa chikwama cha zida pansi pa bedi, chili fumbi lokhalokha.

Ndinayamba ndi zapafupi. Fyuzi inali bwino, kagetsi ka ampulifaya kankayaka. Ndinasinthanitsa mawaya ochokera ku wailesi, wofiira ndi woyera, koma kumanzere kunakhalabe chete, choncho wailesi inalibe mlandu. Kenako ndinachotsa waya wa sipika yosalirayo n'kuulumikiza pamalo pa inzake. Inalira pomwepo, mpaka nkhuku zinabalalika. Akuluwo anaseka n'kufunsa ngati basi zatheka. Ndinawauza kuti ayi, tangodziwa kuti wodwala ndi ampulifaya mwiniyo.

Ndinaimasula n'kuiika pamphasa, mawaya ali olumikizabe. M'kati munali fumbi lofiira la msewu. Nditapemerera, ndinatsegula nyimbo n'kumadina tizipangizo timodzitimodzi ndi kamtengo kouma. Nditadina kena ka miyendo itatu, mawu anabwera kumanzere. Nditasiya, anathawanso. Mtovu wogwira mwendo umodzi unali utang'aluka ndi mabampu.

Kwathu kulibe magetsi. Ndinakoleza mbaula n'kuikapo chitsulo chakale chowotcherera. Podikira kuti chipse, akuluwo anakhala pamphasa pomwepo, natambasula mwendo wowawawo. Anandifunsa za ku Lusaka, ndipo ndinadabwa kumva mawu anga akutalika chonchi. Ndinawauza za oyendetsa minibasi amene ankafuna nyimbo zogwedeza magalasi, za kachipinda kanga ka lendi, za momwe shopu imene ndinkagwirako ntchito inatsekedwera. Ankamvetsera osandidula. Kenako anayang'ana nyumba ija.

"Mayi anu ndinawanyamula ndine popita ku kiliniki," anatero. "Anakhala kutsogolo m'galimotomu. Atamva nyimbo anati mwana wawo ndiye amadziwa zimenezi, ndidzamuone akadzabwera."

Chibwerereni palibe amene anandiuzapo kanthu ka masiku awo otsiriza. Anthu ankangoti pepani. Ndinawerama n'kumakupiza moto umene unali utayaka kale.

Ndinasungunula mtovu watsopano pa mwendo wa kachipangizo kaja, n'kuwotchereranso ina yapafupi imene inkaoneka yotopa. Pobwezera ampulifaya ndinaika zidutswa za chubu cha njinga pansi pake kuti isamagwedezeke kwambiri. Masipika onse analira mofanana. Akuluwo anazungulira galimoto akutchera khutu uku ndi uku, kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri. Anati Loweruka ndikaime pamphambano, tipitire limodzi, ndikaoneko anthu.

Loweruka ndinasita malaya ndi simbi ya makala, ndinapukuta nsapato, n'kukaima pamphambano mame asanaume. Galimoto ndinaimva isanaoneke. Itafika inali yodzaza, amayi a mabulauzi oyera atapanikizana ndi matumba a ufa ndi mapoto, ena atakhala m'mphepete mwa bokosi. Kutsogolo kunali amayi awiri okalamba. Akuluwo anatsitsa galasi, nkhope ili yamanyazi. Anati anthu abwera ambiri kuposa mmene ankaganizira, ndiwakhululukire.

"Palibe kanthu, bambo. Yendani bwino," ndinatero.

Ndinaima pomwepo mpaka fumbi linakhazikika. Munthu wina wa pa njinga anandifunsa ngati ndikupita ku boma. Ndinamuuza kuti ndimangoperekeza alendo. Nditafika kunyumba ndinavula malaya aja n'kuyamba kusenda mtedza.

Pambuyo pake akuluwo akamadutsa ankaliza hutala n'kukweza mkono, koma sitinakhalenso pansi limodzi. Matenda a mwendo wawo uja atakula, ana awo anawatengera ku Chipata, ndipo galimotoyo inagulidwa ndi munthu wa ku Zingalume wonyamula makala.