Munda wa Kuseri kwa Chipilala

Zipani zambiri zitangoyamba, anthu ankati tsopano pakamwa pamasuka. Ine panga ndinatsekabe.

Ndinali ndi munda wa mtedza kuseri kwa chipilala cha malire, mbali ya Zambia. Anandisiyira malume anga. Ndinkapitako kudzera kudambo, osauza munthu, poti boma likanadziwa munda ukanapita.

Tsiku lina mwana wanga wamkazi, amene ankaphunzitsa pa boma, anatulukira ndi Mmwenye. Osati wa sitolo ayi, koma mphunzitsi wa kuyunivesite ku India, kope lili m'manja.

"Amayi, bambowa akuti mabuku ofotokoza mmene mayiko amakhalirana analemba ndi Azungu. Iwowa ndi anzawo kwawoko akufuna kulemba zochokera m'mitu mwawo. Nawonso akuti Azungu anawadulira malire pakati pa midzi."

"Ndiye akafunse agogo awo. Kuno atani?"

"Akufuna amve mmene mumakhalira ndi a ku Zambia."

"Za munda wawauza iwe?"

"Ndangotchulako pang'ono."

Pang'ono! Sukulu yonse ija, kuti adzandiulule kwa mlendo.

Bamboyo anakhala pampando mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unandiopsa. Ndinanama. Ndinati chipilala timachiopa ngati manda, ngakhale mbuzi ikawoloka timangoiyang'ana. Mwana wanga ankamasulira maso ali pansi. Mlendo analemba, analemba, kenako analoza mtedza umene ndinayanika pabwalo. Makoko ake anali ndi dothi lofiira, pomwe pathu ponse ndi pamchenga.

"Akufunsa kuti mtedzawu mwakumba kuti."

"Uwauze kuti basi ya kuboma siyidikira munthu."

Mlendoyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Ndi zimenezonso analemba!

Mwezi wathunthu sindinaponde kumunda, ndikungosuzumira aliyense wodutsa atavala nsapato, kuopa kuti ndi wa boma. Mtedza wotsala unamera m'nthaka.

Chaka chitatha kunabwera kalata, mwana wanga anandiwerengera. Mlendo uja ankati mayi ake nawonso ankanamiza asilikali za munda wawo wa kutsidya, ndipo tsopano amauza ophunzira ake kuti nkhani ya mayiko iyambire pa amayi otere. Dzina la mudzi akuti satchula.

"Mwatchuka ku India, amayi!"

"Akuti satchula. Unali pomwepo iwe?"

Kalatayo ndinaiponya pamoto. Munda ndinaulimabe zaka zambiri, koma mwana wangayo sindinamuuzenso tsiku lokumba.