Zitsulo za M'mawindo a Mayi Zelifa

Lovemore anafika ku Mchinji atavala ovolosi ya fakitale ina ya ku Kitwe, ndipo ovolosiyo ndiyo inali umisiri wake wonse. Iye ankati kumeneko ankawotcherera matanki a mafuta, ntchito yochita kuiunika ndi makina. Madalaivala a mathiraki omwe ankadziwa ku Kitwe ankati mkuluyu ankangosesa.

Anatsegula shedi pamsewu wopita kuboda. Kuwotcherera kwake kunali ngati nkhuku ikutola chimanga, kujompha apa, kujompha apo. Dzimbiri sankapala. Moto ankaukweza mpaka chitsulo kubooka, pabowopo n'kutsekapo kachidutswa ka msomali, zonsezo n'kuzikwirira ndi penti wakuda.

Ngolo ya mlimi wina wa ku Kapondo itamasuka pamsoko ili ndi fodya, Lovemore anati ng'ombe zake ndi zaliuma. Thanki yamadzi ya namwino wina itagwa pamodzi ndi nsanja yake, anati zitsulo za masiku ano ndi zabodza. Amisiri anzake ankawatcha omata ndowa.

Mkazi wake, Zelifa, ankaoda zitenje ku Chipata, ndipo malondawo anamanga nyumba. Ntchito itafika pa mawindo, Lovemore analengeza pabawo kuti Mchinji iona zitsulo zomwe sinazionepo. Ananyamuka kukagula zipangizo ku Lilongwe, komwe anachedwako ndi mowa wa achibale. Pobwera anapeza zitsulo zili kale m'mawindo, simenti itauma.

Anayendetsa chala pamsoko. Unali wosalala, woyalana ngati mamba a nsomba, wopanda chobisa. Dzanjalo analidziwa: linali la Anasi, mmisiri wa ku Kamwendo, yemwe iye ankamuseka kuti amachedwa ndi kupala ngati akutsuka mbale.

Analowa m'nyumba nkhope itagwa, nafunsa mkazi wake chomwe wamuvulira pamaso pa anthu.

“Bambo a Triza, muno muzigona ana anga,” anatero Zelifa, osasiya kupinda zitenje. “Zanu zija muziwapangira anthu akutali.”

Lovemore anatuluka, nagwedeza chitsulo chimodzi ndi manja onse awiri. Sichinasunthe.

M'mawa mwake anauza anzake a pabawo kuti ntchitoyo anamupatsa dala Anasi pomumvera chisoni, ndipo kuti kaikidwe ka msoko koteroko anamuphunzitsa ndi iyeyo. Palibe anadzutsa mutu. Mmodzi anangomupempha kuti asunthe pang'ono, akutchinga kuwala.