Odi pa Bwinja

Kuseri kwa msika wa ku Chadiza kuli kanjira kopita ku Zingalume. Pamalo ena kamakhota popanda chifukwa, kuzungulira bwinja pomwe panangotsala udzu ndi mitengo yokalamba ya mango.

Tsiku lina ndinkadutsa pamenepo ndi azakhali anga, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinafuna kungodulira pakati. Iwo anandigwira malaya, n'kunena chapansipansi kuti, "Odi kuno."

"Mukuodira ndani, azakhali?" ndinawafunsa.

"Ukuponda pakhonde pa eni ake," anatero.

Anandiuza kuti pamenepo pankakhala telala amene anawasokera diresi laukwati. Apa panali makina ake, apo nkhokwe ya nshawa, kapena kuti mtedza. Iwo akuloza choncho, ndinayamba kumva makinawo akulira mu udzu. Kaya zinali nyenje chabe.

Azakhali anatisiya kalekale. Masiku ano a njinga zamoto anaboola njira yowongoka pakati pa bwinjalo, ndipo zimandipsetsa mtima. Ine ndimazungulirabe n'kuodira. Palibe amene anandiyankhapo, koma ndimayamba ndaima pang'ono. Mwina telalayo akumalizitsa kaye msoko.