Nambala ya M'magazi Anga

Ndinaganiza zochoka ku Nkhata Bay chaka chimene ukonde wathu unkangobwera ndi madzi okhaokha. Amalume anali atandipezera ntchito yophika pa hotela ina ku Bulawayo. Mkazi wanga NyaChirwa anandiperekeza padoko, khanda lili kumsana. "Mukapeza ndalama za malata mubwereko," anatero. Za malata ndinatumiza, koma ine ndinakhalira komweko, m'kachipinda kakuseri kwa khitchini, wopanda womulankhula Chitonga.

Patapita zaka mimba inayamba kutupa. Anzanga ankaseka kuti ndikuba nyama ya alendo. Atanding'amba kuchipatala anatulutsa zonanda ngati thelele, zodzaza beseni. Dokotala anati ndi khansa yosaonekaoneka, ndipo imabwereranso. Anati azinditenga magazi pakapita miyezi, poti muli nambala imene imakwera matendawo akamadzuka.

Kuyambira pamenepo ndinkakhalira nambalayo. Ikatsika ndinkaimba nyimbo zakwathu posenda mbatata. Ikakwera pang'ono ndinkapsereza supu. NyaChirwa ankatuma mawu mwa aliyense wobwera kuchokera kwathu: "Bwerani tidzakudwazeni kuno." Ine ndinkayankha kuti kwathu kulibe makina oyezera, ndidzadziwa bwanji pamene ndili?

Kenako inakwera osatsikanso. Dokotala anati kung'ambanso sikuthandiza kwenikweni. Ndinalongedza.

Nditatsika sitima ya Ilala padoko lakwathu, oyamba kundilankhula anali anyamata ofunsa khadi la chipani. Khanda lija linali namwali, ndipo linandigwadira monga mlendo. Kuchipatala cha boma anandimvetsera bwinobwino, n'kupukusa mutu: "Zimenezo kuno sitiyeza, ada."

Mpaka lero mtima sukhala pansi. Masiku oyamba ndinkangoyenda kuchoka kugombe la Chikale kupita kudoko, kubwerera, kupitanso, ndikudina mimba ndi zala, kuyerekeza kuti nambalayo yafika pati. Ndinkayembekeza kuti anthu azindizungulira ngati maliro. Koma NyaChirwa anali ndi bizinezi yake ya usipa, mathandala ake oyanikapo, makasitomala ake a ku Mzuzu. Nyumba ija inkayenda popanda ine kalekale.

M'mawa wina mvula inawopseza usipa uli pathandala. NyaChirwa anandipeza nditakhala pakhonde, dzanja pamimba.

"Mukuwerengabe, a Mhone?"

"Mwina yakweranso kwambiri."

"Kaya yakwera, kaya yatsika, kufa si lero. Koma usipawu ukanyowa uwola lero lomwe. Gwirani dengu ili."

Ndinadzuka, ndinaligwira.