Waya wosakhudza chitsulo

Achimwene anabwera kuchokera ku Joni m'nyengo yosoka fodya, ataonda moti mayi anawazindikira ndi mawu okha. Anakhala kumeneko zaka zambiri, akugwira ntchito m'fakitale yopanga zipangizo za makina, mpaka matenda anawabweza kumudzi kwathu kufupi ndi Nsaru.

Mphamvu zolima analibe, choncho ankakhala nane m'chigafa, ine ndikusoka, iwo akundipatsira masamba. Tsiku lina ndinawafunsa ntchito yomwe ankagwira kwenikweni.

"Mlongo wanga, ndinkadula chitsulo ndi waya wochepa ngati tsitsi lako," anatero. "Koma wayayo sakhudza chitsulocho ayi."

"Nanga amadula bwanji, achimwene?"

"Chitsulo timachimiza m'madzi. Waya amadutsa pafupi kwambiri ali ndi magetsi, ndiye pakati pawo pamathetheka timoto tosawerengeka. Kamoto kalikonse kamasungunula kachidutswa, madzi n'kukokolola. Waya saima, watsopano akutsika, wopserera akutayidwa, kompyuta ikumulozera njira. Ntchito imodzi imatha kudya tsiku lonse."

Sindinawamvepo akulankhula nthawi yaitali chonchi osatsokomola. Anatulutsa m'thumba kachitsulo kofanana ndi bokosi la machesi. Atakankha ndi chala, pakati panatuluka kanyenyezi kachitsulo. Atakabwezera, sindinaonenso polumikizira, ngakhale ndinapalasa ndi chikhadabo.

Tsiku la msika anandiuza kuti ndiwaperekeze kwa wowotcherera zitsulo wina pa Nsaru, akapemphe ntchito yopepuka. Anavala malaya oyera. Atamuonetsa kachitsulo kaja, bamboyo anakatembenuza kangapo, n'kubweza ndi manja awiri.

"Akulu, luso muli nalo, koma kuno timangolumikiza ngolo ndi makasu. Magetsinso athima kuyambira dzulo."

Tinabwerera pa kabaza. Za fakitale sanazitchulenso, ndipo m'chigafa anasiya kubwera. Anamwalira fodya tisanadinde.

M'mawa wa tsiku loika, amalume anandiitanira kuseri kwa nyumba ali ndi pepala, akulemba mbiri ya malemu yoti akawerenge pamwambo.

"Iwe ndiye unkacheza nawo. Ankagwira ntchito yanji?"

Ndinayamba za madzi, ndinalumphira ku timoto, mawu n'kundisokonekera, misozi ikutsika. Amalume anandidikira pang'ono, koma obweretsa bokosi la maliro anali atafika kale. Analemba kuti, "Ankagwira ntchito ku Joni," ndipo anapinda pepalalo.