Nambala ya Loweruka

Foni yoyamba m'nyumba mwathu anagula ndi amuna anga, chaka chimene anawakweza pantchito kumgodi. Tinkachita lendi zipinda ziwiri kulokeshoni ya Chipadze. Kanali kafoni konenepa ngati sopo wochapira, koma kazitape weniweni: amene waimba, nthawi yake, mphindi zimene mwacheza, kankasunga zonse. Iwo kufufuta sankadziwa. Ine kuwerenga ndinkadziwa.

Nsanje ndili nayo, sindibisa. Loweruka lililonse masana foni inkalira kamodzi n'kuduka. Iwo ankadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu, n'kupita kuseri kwa chimbudzi kukaimba. Ndinkawaonera pawindo akuseka mpaka kugwira khoma. Kuseka kumeneko ine sanandisekerepo chikwatiranireni. Akalowa kubafa ndinkatsegula kafoni kaja: nambala yomweyo, yopanda dzina, sabata ndi sabata. Ndinailemba kuchikuto kwa Baibulo langa.

Tsiku lina ndinaiimba pafoni yolipira ya pamsika. Anayankha mkazi, mawu ofewa, Chishona chosalala. Ndinadula foni, ulendo kwa amayi abusa. Nthawi imeneyo amuna anga anali pafupi kudzozedwa udikoni, ndiye nkhani sinagone. Lamlungu titaweruka abusa anatiitanira mu ofesi, akulu ampingo atatu ali pomwepo. Anaitanitsa foni nayamba kuwerenga mokweza Loweruka ndi Loweruka. Amuna anga anangoti zyoli. Ine mumtima ndinkati lero lokha mwagwidwa.

Abusa anaimba nambala ija natsegula sipika. Mkazi uja anati iye amagulitsa m'sitolo ya pafamu ku Matepatepa, komboni yonse imadalira foni yake, tidikire akaitane mwini nkhani. Tinamva nkhuku, ana akuthamangitsana, kenako wefuwefu wa munthu wokalamba.

"Mwana wanga, bwanji waimba Lamlungu? Kwagwanji?"

Anali apongozi anga. Bambo enieni a amuna anga, ovina gule pafamupo, amene amuna angawo analumbira pamaso pa mpingo kuti asiyana nawo mpaka atalapa. Tsiku la lumbirolo ine ndinawomba m'manja kuposa aliyense.

Udikoni unathera pomwepo. Panjira amuna anga sanandikalipire, anangofunsa kuti, "Mwakhutira tsopano, amake mwana?" Ndinayankha mwamwano kuti akanandiuza. Koma kunena zoona nsanje sinathe, inangosintha malo. Zinkandiwawa kuti nkhalamba yopanda mano inali ndi kuseka kwa mwamuna wanga, pamene ine wochapa maovolosi ndinkalandira "zikomo" wouma.

Loweruka lotsatira foni inalira kamodzi. Anaiyang'ana, naivundikira patebulo. Linalo chimodzimodzi. Pofika nyengo yothyola fodya inasiyiratu kulira. Ndinkatsegulabe kafoni akalowa kubafa, koma tsopano ndikupemphera kuti ndiipeze nambala ija, kuti mwina akuimba mondibisira. Manambala a kuntchito ndi a kutchalitchi anaikankhira pansi mpaka inasowa.

Inabweranso kamodzi, Lachiwiri m'mawa, iwo ali pansi mumgodi, foni ataisiya pachaja. Ulendo uno sinaduke. Inalira mpaka ndinayankha ine. Mkazi wa m'sitolo uja anati madala aja atisiya, ndipo anafunsa ngati mwana wawo akadali pa nambala yomweyi, chifukwa Loweruka lililonse madalawo ankabwerabe kudzakhala pakhonde kudikira.